Madzi akasefukira m'nthawi ya atsamunda, ndalama zothandizira anthu zinkachokera kuti?

Mvula ikavuta ndipo mitsinje ikasefukira, nkhani zimene timamva zimakhala zofanana chaka ndi chaka. Boma latsegula thumba lapadera, makampani akupereka macheke, mipingo ikusonkhetsa zovala, koma anthu amene ali m'misasa akudandaula kuti thandizo likuchedwa. Nthawi ngati imeneyi pamadzukanso mkangano wakalekale. Ena amati m'nthawi ya atsamunda zinthu zinkayenda mwadongosolo, khobidi lililonse linkalembedwa m'buku. Ena amatsutsa, amati boma la atsamunda silinkalabadira mwini dziko ngakhale madzi atamufika m'khosi.

Mbali zonse ziwiri zili ndi pogwira. Kuti tione pamene aliyense akulondola, tiyenera kutsata ntchitoyo mmene inkayendera, kuyambira tsiku limene mtsinje wadzaza mpaka tsiku limene bulangete lafika m'manja mwa munthu. Zitsanzo zomwe zili m'munsimu zachokera m'maiko amene ankalamulidwa ndi Britain, kuyambira m'zaka za m'ma 1870 mpaka m'ma 1940. Maikowa, monga India, Hong Kong, Malaya, British Honduras ndi Nyasaland, anali otalikirana kwambiri, koma kachitidwe kanali kofanana chifukwa akuluakulu a boma ankasamutsidwa kuchoka dziko ili kupita lina atanyamula njira zomwe adazolowera.

Dziko lililonse lidzionere lokha

Boma la ku London linali ndi mfundo imene silinkafuna kuisuntha: dziko lililonse lolamulidwa lizilipira lokha zoyendetsera boma lake. Malipiro a bwanamkubwa, apolisi, misewu ndi ndende, zonse zinkayenera kuchokera ku misonkho ya m'dziko momwemo, monga msonkho wa nyumba, wa minda ndi wa katundu wolowa m'dziko. Dziko likalephera kukwanitsa bajeti yake linkatha kupempha ndalama zoonjezera ku Treasury, unduna wosunga chuma cha boma la Britain. Koma thandizo limenelo linkabwera ndi goli. Likangolandiridwa, akuluakulu a ku Treasury ankayamba kuunika chilichonse chomwe dzikolo likufuna kugula, ndipo bwanamkubwa sankathanso kugwiritsa ntchito ndalama mmene iye akuonera. N'chifukwa chake abwanamkubwa ambiri ankalimba nazo osapempha.

Nyasaland ndi chitsanzo cha dziko lomwe linali pampanipani. Misonkho yake inali yochepa, komabe lidasenzetsedwa ngongole za njanji ya Trans-Zambezia yomwe idatsegulidwa mu 1922, kenako za mlatho wa pa Zambezi womwe udatha mu 1935. Dziko lotere silikanasunga ndalama zambiri zodikirira tsoka.

Ndiye madzi akasefukira, ndalama zochepa zomwe zinalipo zinkayamba zapita ku zinthu zomwe boma linkaziona kuti ndi zake: milatho, njanji, mawaya a telegalamu ndi maofesi. Panali chifukwa chomveka, popeza popanda msewu chakudya sichikanafika kwa anthu, ndipo njanji ikaduka mbewu zogulitsa kunja zinkaima, msonkho n'kuimanso. Koma nyumba yomwe yagwa, ziweto zomwe zapita ndi madzi ndi mbewu zomwe zakwiririka m'matope, boma silinkaziona ngati ngongole yake kwa munthu. Mpata umenewu ndi womwe unkasiyidwira anthu achifundo.

Uthenga kuchoka kumudzi kukafika ku London

Munthu amene zonse zinkadutsira m'manja mwake anali DC. Nyakwawa inkauza mfumu yaikulu, mfumu inkatuma mesenjala ku boma, ndipo DC ankanyamuka wapansi kapena pa bwato kukadzionera yekha. Akabwerako ankalemba lipoti: midzi ingati yamira, nyumba zingati zagwa, minda yochuluka bwanji yakokoloka, anthu angati afa. Lipotilo linkakwera kwa mkulu wa chigawo, kwa mlembi wamkulu wa boma, mpaka kwa bwanamkubwa. Tsoka likakhala lalikulu, bwanamkubwa ankatumiza telegalamu ku Colonial Office, ofesi ya ku London yoyang'anira maiko olamulidwa. India yokha inali ndi ofesi yakeyake.

DC yemweyo ndi amene ankatolera msonkho ndi kuweruza milandu. Munthu amene chaka chatha adazemba msonkho ankaganiza kawiri asanakalembetse dzina lake m'buku la bwana yemweyo. Nayenso DC ankadziwa kuti akuluakulu ake amayamikira bwana wosawononga ndalama. Choncho manambala amene ankafika ku likulu sankakhala chithunzi chonse cha zomwe zachitika.

Zida zomwe boma linkagwiritsa ntchito zinali zochepa. Linkatha kuchedwetsa kapena kukhululukira msonkho wa chaka chimenecho. Linkatha kubwereketsa alimi ndalama zogulira mbewu ndi ng'ombe zolimira. Ku India ngongole zoterezi zinkatchedwa takavi, ndipo zinkayenda motsatira malamulo a mu 1883 ndi 1884. Linkathanso kutsegula ntchito, monga kukonza msewu kapena kukumba ngalande, anthu n'kumalandira chakudya kapena ndalama pang'ono. Chakudya chaulere chinkabwera kumapeto, kwa okalamba, odwala, olumala ndi ana opanda owasamala.

Dongosolo limeneli lidakhwimira ku India, ndipo lidayambira pa njala ya chilala, madzi osefukira adangolipeza. Njala ya pakati pa 1876 ndi 1878 itapha anthu mamiliyoni, komiti yotsogozedwa ndi Richard Strachey idatulutsa lipoti mu 1880, ndipo kuyambira mu 1883 zigawo zidayamba kulemba ma Famine Code, mabuku a malangizo ofotokoza chimene mkulu aliyense wa boma achite njala ikayamba. Munali zizindikiro zoti aziyang'anira, monga kukwera kwa mitengo ya chakudya ndi anthu kuyamba kuyendayenda, munalinso muyezo wa malipiro ndi chakudya. Apa boma la atsamunda lidavomera polemba kuti kupulumutsa miyoyo ndi udindo wake, ndipo ichi sichaching'ono.

Koma m'mabuku omwewo munali mantha aakulu akuti anthu angazolowere kulandira. Pofuna kutsimikiza kuti munthu wavutikadi, ankamuyesa ndi ntchito yolemetsa ya malipiro otsika kuposa a kwina kulikonse, nthawi zina kutali ndi kwawo. Maganizo anali akuti amene ali ndi pothawira sabwera. Kuopsa kwa maganizowa kudali kutaoneka kale mu 1877 m'chigawo cha Madras ku India, pamene mkulu wa boma Richard Temple adatsitsa chakudya cha mwamuna wogwira ntchito m'misasa kufika pa paundi imodzi patsiku, yomwe ndi pafupifupi magalamu 450, pamodzi ndi kandalama kochepa. Mkulu wa zaumoyo m'chigawocho, W.R. Cornish, adatsutsa kuti munthu wogwira ntchito yakalavulagaga sangakhale ndi moyo pa chakudya chotere, ndipo muyezowo udakwezedwa patapita miyezi ingapo.

Mmene thumba la zopereka linkatsegulidwira

Tsoka likamveka, kunkaitanidwa msonkhano wa anthu onse mu holo ya mzinda. Wapampando ankakhala bwanamkubwa, meya kapena mkulu wina wa boma. Pomwepo ankasankha komiti: manijala wa banki kukhala msungichuma, bishopu, eni makampani ndi eni minda ikuluikulu, mkonzi wa nyuzipepala, ndi eni dziko angapo olemera kapena odziwika. Anthu ankalonjeza ndalama zawo msonkhano usanathe.

Kenako nyuzipepala inkayamba kusindikiza mndandanda wa opereka, dzina ndi ndalama zake, kuyambira bwanamkubwa pamwamba, makampani, makalabu, mipingo, mpaka timakobidi tomwe ana a sukulu kapena antchito a pa ofesi ina asonkha. Zinali ngati kope la chipepeso pa maliro lomwe limawerengedwa mokweza anthu onse akumva: wopereka amatsimikiza kuti ndalama yake yafika, ndipo wolemera amene sadapereke amadziwika. Mndandanda umenewu unkagwira ntchito ziwirizo nthawi imodzi. Kwa wamalonda wa m'dzikomo, kuoneka pamwamba pa mndandanda kunalinso njira yodzionetsera kwa boma kuti ndi munthu wodalirika, woyenera mpando m'komiti ina kapena mendulo ya mfumu ya ku Britain.

Ndalama zina zinkabwera kudzera m'makonsati, masewera, misika ya zachifundo ndi zopereka za m'tchalitchi. Nthambi za Red Cross, zomwe m'maiko ambiri zinkatsogozedwa ndi mkazi wa bwanamkubwa, zinkasonkhetsa ndi kusoka zovala. Ntchito ikatha, mabuku ankaunikidwa ndi owerengera ndalama ndipo lipoti linkasindikizidwa. Amene amayamikira dongosolo la nthawi imeneyo akunena zoona pamenepa: m'matumba akuluakulu, ndalama zolowa ndi zotuluka zinkalembedwa mosamala.

Tsoka likaposa mphamvu ya dzikolo, maso ankayang'ana ku London. Kumeneko kunali mwambo wa Mansion House Fund, thumba lomwe meya wa mzinda wa London ankatsegula ku nyumba yake ya boma kuti anthu a ku Britain ndi a m'maiko ena a ufumuwo aponyemo. Kutsegula thumba lotere kunali ndi ndale zake, chifukwa kupempha poyera kunali kuvomera kuti boma lalephera kupirira lokha. Mu 1877, pamene akuluakulu a ku Madras adapempha anthu a ku Britain kuti athandize, boma la Lord Lytton, yemwe ankalamulira India yonse, poyamba silidakondwere nazo.

Kodi ndalama za chifundo zinkagula chiyani, popeza boma linali ndi mbali yake? Yankho lomveka bwino lili mu Indian Famine Charitable Relief Fund, thumba la zopereka pa njala ya ku India, la mu 1897. Thumbali lidapatsidwa ntchito zinayi. Yoyamba inali kuonjezera tinthu tomwe chakudya cha boma sichinkakwaniritsa, monga zovala, mabulangete ndi chakudya cha odwala. Yachiwiri inali kusamala ana amasiye. Yachitatu inali kuthandiza anthu a ulemu wawo amene akanalolera kufa ndi njala kusiyana n'kupita ku msasa wa boma, makamaka amayi amene mwambo sunkawalola kuonekera pagulu. Yachinayi inali kudzutsa alimi amene ataya zonse powagulira mbewu ndi ng'ombe, ndipo iyi ndi yomwe idatenga gawo lalikulu la ndalama.

Apa ndi pomwe ndikuona kuti pagona nkhani. Boma lidadzisungira ntchito yoti munthu asafe. Ntchito yoti munthuyo abwerere pa moyo wake, alimenso, avale, amange, idasiyidwa kwa anthu opereka mwa kufuna kwawo. Chaka chimene nyuzipepala za ku London zalemba kwambiri za tsokalo, mlimi ankalandira ng'ombe. Chaka chimene maso a anthu ali pa nkhondo kapena pa nkhani ina, mlimi yemweyo ankadzionera yekha. Ndipo ngakhale ndalamazo zinali za anthu wamba, zikafika m'maboma kawirikawiri zinkagawidwa ndi komiti yomwe wapampando wake anali mkulu wa boma yemwe uja.

Woyenera kulandira ndi ndani?

Komiti iliyonse inkayenera kusankha, chifukwa ndalama sizinkakwana onse. Mfundo yomwe inkakondedwa inali yobwezera munthu chida chake chogwirira ntchito. Pa 18 Sepitembala 1906 namondwe adagwa mwadzidzidzi pa doko la Hong Kong n'kupha anthu pafupifupi 10,000, ambiri mwa iwo mabanja okhala m'maboti. Thumba lomwe lidatsegulidwa lidaika mtima pothandiza opulumuka kupezanso maboti. Kunali kuthandiza osauka, komanso kunali kudzutsa doko, popeza maboti ang'onoang'ono amenewo ndi omwe ankatsitsa ndi kukweza katundu wa sitima zikuluzikulu. Pambuyo pake boma lidamanga malo obisalirako maboti ku Yau Ma Tei, omwe adatha mu 1915.

Mfundo imeneyi inkakomera munthu amene katundu wake akudziwika. Kumapeto kwa Disembala 1926 madzi adamiza Kuala Lumpur ndi madera ambiri a Malaya, dziko lomwe lero ndi mbali ya Malaysia, makamaka Pahang ndi Perak. Madzi adalowa m'chipinda chosungira ndalama cha Chartered Bank, ndipo atachepa, ndalama zamapepala zonyowa zidayalidwa pa bwalo lalikulu la pakati pa mzinda kuti ziume padzuwa, alonda a mfuti atazungulira. Chuma chotere chinkawerengeka mpaka pepala lomaliza. Mpunga wa mlimi wa m'mbali mwa mtsinje wa Pahang unalibe lisiti, ndipo wogwira ganyu wopanda munda kapena boti analibe chilichonse choti alembetse kuti wataya, ngakhale kuti njala inkamupweteka kuposa onse.

Nkhani ya kwathu kuno imene idafufuzidwa bwino ndi ya njala ya 1949, yomwe idavuta kwambiri m'madera ozungulira Blantyre, monga Lunzu ndi Lirangwe. Inali ya chilala, koma ikuonetsa mmene boma la Nyasaland linkagawira thandizo. Boma la bwanamkubwa Geoffrey Colby lidakhazikitsa bungwe lapadera kuti ligule ndi kugawa chakudya. Chimanga chambiri chinkagulitsidwa, choncho wokhala ndi ndalama ndiye ankapeza. Ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani anali ndi podalira kudzera mwa owalemba ntchito. Misasa yodyetsera anthu ofooketsetsa idatsegulidwa mochedwa. Katswiri wa mbiri Megan Vaughan, amene adacheza ndi anthu omwe adaiona njalayo, adaonetsa kuti amayi okwatiwa omwe amuna awo adachoka osabwerera ndi amene adavutika kwambiri, chifukwa dongosolo linkaganiza kuti mkazi wapabanja ali ndi womudyetsa. Palibe amene adalemba lamulo loti amayiwo asiyidwe. Adasiyidwa chifukwa okonza dongosolo sankadziwa mmene mabanja a kumudzi ankakhalira, ndipo amayiwo analibe mpando pamene zinthu zinkagamulidwa.

Tisaiwalenso kuti madzi osefukira ndi njala zimagwirana. Mlatho wa njanji wa pa Shire ku Chiromo udakokoloka mu 1948 ndipo wina udatsegulidwa mu 1950. Chaka cha njala chidagwa pakati pomwepo, pamene chimanga chochokera kunja chinkayenera kudutsa pa mtsinje womwewo.

Pamene eni dziko adatenga ntchito m'manja mwawo

Thandizo lalikulu kwambiri silidalowe m'buku lililonse. Achibale okhala kumtunda ankalandira anzawo, ogwira ntchito kutali ankatumiza ndalama, mipingo ndi mizikiti inkadyetsa anthu ake. Koma m'maiko ena eni dziko adafika pokhazikitsa mabungwe akuluakulu oima paokha, ndipo ubale wawo ndi boma unali wosiyanasiyana.

Ku Hong Kong kunali chipatala cha Tung Wah, chomwe chidakhazikitsidwa mwalamulo mu 1870 n'kutsegulidwa mu 1872. Chinkayendetsedwa ndi amalonda olemera a Chitchaina, ndipo chinkachita zambiri kuposa kuchiza odwala. Chinkaika maliro a osauka, chinkasonkhetsa ndalama kwa anthu a ku China okhala m'maiko ena, ndipo chinkatumiza mpunga ndi ndalama ku chigawo cha Guangdong ku China mitsinje ikasefukira, monga mu 1915 pamene madzi adamiza mzinda wa Guangzhou. Boma la atsamunda linkapindula nazo chifukwa silinkawononga ndalama zake, komabe linkaonetsetsa kuti mkulu wake woona za anthu a Chitchaina akuyang'anira bungweli. Linkafuna ntchito ya amalondawo, koma linkaopa kuti angasanduke boma lachiwiri.

Ku Bengal, chigawo cha India, zinthu zidafika poti boma ndi bungwe la eni dziko ayang'anizane. Mu Sepitembala 1922 mvula yamphamvu idamiza maboma a Rajshahi, Bogra ndi Pabna. Anthu ambiri adaloza chala njanji, yomwe inkadutsa pa chitunda chachitali chadothi chokhala ndi makalavati ochepa, moti madzi ankasowa kolowera n'kumaunjikana m'minda ndi m'midzi. Katswiri wa sayansi Prafulla Chandra Ray adatsogolera Bengal Relief Committee, yomwe ofesi yake inali pa koleji ya sayansi ku Calcutta. Ophunzira ankayenda m'misewu kusonkhetsa ndalama, mpunga ndi zovala. Subhas Chandra Bose, womenyera ufulu wa India yemwe anali atangotuluka kumene m'ndende, adakayang'anira anthu ongodzipereka ku tauni ya Santahar m'deralo. Chaka chimenecho Gandhi anali m'ndende ndipo ndawala yokana kugwirizana ndi boma inali itaimitsidwa, choncho achinyamata ambiri a ndale adapeza ntchito m'madzi osefukirawo. Komitiyo idagawanso makina apamanja opotera ulusi wa thonje, omwe ankapatsa banja kandalama komanso anali chizindikiro cha gulu lomenyera ufulu.

Pambuyo pake katswiri wa masamu P.C. Mahalanobis adasanthula ziwerengero za mvula ndi kusefukira kwa madzi za zaka pafupifupi 50 m'deralo, ndipo adapeza kuti chofunika chinali kukonza njira zoti madzi azituluka msanga. Mwa apa funso la thandizo lidasanduka funso la chomwe chidakulitsa tsokalo, lomwe thumba la zachifundo silikanatha kuliyankha.

Zofanana zidachitika ku Gujarat, ku India komweko, madzi atasefukira mu Julayi 1927. Vallabhbhai Patel, yemwe panthawiyo anali mtsogoleri wa khonsolo ya mzinda wa Ahmedabad, adakonza magulu a anthu ongodzipereka omwe adafika m'midzi ndi chakudya, zovala ndi mbewu, ndipo boma la chigawo cha Bombay, lomwe linkalamulira deralo, lidagwira nawo ntchito popereka ngongole zomangiranso nyumba. Chaka chotsatira, mu 1928, Patel yemweyo adatsogolera alimi a ku Bardoli kukana msonkho wa minda womwe udakwezedwa. Luso losonkhetsa ndalama, kulemba maina khomo ndi khomo ndi kuyendetsa anthu mazanamazana ndi lomwelo lomwe limafunika pomanga chipani. Akuluakulu a atsamunda ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ankafuna kuti thumba lililonse lidutse m'komiti yomwe iwo akuiona.

Ngongole yomwe idasintha ulamuliro

Nthawi zina thandizo lochokera ku London linkabwera ngati ngongole, ndipo ngongoleyo inkakhala ndi mtengo wa ndale. Pa 10 Sepitembala 1931, tsiku la chikondwerero ku British Honduras, dziko lomwe lero ndi Belize, namondwe adagwetsa nyumba zambiri mu likulu la dzikolo ndipo madzi a m'nyanja adakwera n'kumiza tauniyo. Anthu oposa 1,000 adafa. Britain idavomera kubwereketsa ndalama zomangiranso, koma idati khonsolo yopanga malamulo ya m'dzikomo iyambe yapatsa bwanamkubwa mphamvu zodutsitsa malamulo ngakhale mamembala atakana. Mamembala omwe sanali a boma adalimbalimba, koma tauni ili pansi analibe pothawira, ndipo mu 1932 adavomera.

Osauka adapatsidwa ntchito zonga kuphwanya miyala pa malipiro ochepa kwambiri. Mu 1934 wometa tsitsi wina, Antonio Soberanis, adayambitsa gulu la Labourers and Unemployed Association, lomwe olemba mbiri amaliona ngati chiyambi cha ndale za anthu wamba m'dzikolo.

Zomba, 1946, ndi zomwe zidatsala

Pofika m'ma 1940 mfundo yoti dziko lidzionere lokha inali itayamba kugwedezeka. Zipolowe za ogwira ntchito ku zilumba za West Indies m'ma 1930 komanso nkhondo yachiwiri ya dziko lonse zidakakamiza Britain kusintha. Lamulo la Colonial Development and Welfare la mu 1940 lidalola kuti mapaundi 5 miliyoni pachaka azipita ku chitukuko ndi umoyo wa anthu m'maiko olamulidwa, ndipo la mu 1945 lidakweza ndalamazo kufika pa mapaundi 120 miliyoni m'zaka 10. Zinali zogawana maiko ambirimbiri, ndipo zinali za mapulani a nthawi yaitali. Thandizo la mwadzidzidzi lidapitirira kudalira DC, amishoni ndi thumba la zopereka.

Pakati pa mwezi wa Disembala 1946, mvula ya mamilimita pafupifupi 710 idagwa pa Zomba m'maola 36. Mbali zina za phiri zidagumuka, madzi adatsika ndi miyala ndi mitengo, milatho idapita, anthu adafa. Ili ndi tsoka lomwe limakumbukiridwa ndi dzina la Napolo. Lidagwa pa likulu penipeni, pomwe bwanamkubwa Edmund Richards ankakhala. Khonsolo yopanga malamulo, yomwe inkavomereza bajeti ya dziko, inkakumana m'tauni momwemo, koma munalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi. Zofuna za anthu akuda ankaziyankhulira mmishonale, ndipo mamembala akuda oyamba adalowa mu 1949. Mafumu anali atapatsidwa maudindo a Native Authority, oyendetsa madera awo pansi pa boma, kuyambira mu 1933, kenako timatumba tawo ta ndalama, koma tinali tochepa ndipo tinkayang'aniridwa ndi DC.

Mfundo imeneyi ikufotokoza chifukwa chake mabuku olembedwa bwino sankatanthauza kuti anthu onse athandizidwa. Owerengera ndalama ankatsimikiza kuti ndalama yapita komwe komiti idagamula. Sankafunsa ngati komitiyo idagamula bwino. Opereka ankatha kufunsa kudzera m'nyuzipepala, Treasury inkatha kufunsa kudzera m'makalata, koma amene nyumba yake yapita ndi madzi analibe voti yochotsera aliyense pa mpando. Olemba mbiri ena amatsindika kuti malamulo a njala, njanji ndi ma lipoti zidapulumutsa anthu ambiri ndipo zidayala maziko a ntchito zothandiza pa ngozi zomwe tili nazo lero. Ena amatsindika kuti kuumira kwa boma ndi kuyesa anthu ndi ntchito yolemetsa kudapha anthu amene akanapulumuka. Umboni ulipo mbali zonse, ndipo kawirikawiri umapezeka m'tsoka limodzi lomwelo.

Maiko atalandira ufulu adatengera zambiri mwa njirazi: DC kukhala mutu wa ntchito m'boma lake, kalembera wa okhudzidwa kudzera mwa mafumu, ntchito zolipidwa ndi chakudya, ndi thumba lomwe mtsogoleri wa dziko amatsegula kuti akufuna kwabwino aponyemo. Ku Malawi kuno lamulo lapadera loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi lidabwera mu 1991, madzi ndi miyala zochokera m'phiri zitawononga ku Phalombe mu Malichi chaka chimenecho. Lamulolo lidakhazikitsa komiti ya dziko lonse ndi thumba la boma la ngozi, ndipo lidagwira ntchito mpaka mu 2023, pamene Nyumba ya Malamulo idavomereza lina latsopano patangopita milungu yochepa namondwe wa Freddy atadutsa.